Mtendere wa ku Sam Dent

Mudzi wa Sam Dent simungaupeze pa mapu. Adaupeka ndi mlembi wa ku America, Russell Banks, naukhazika m'mapiri a Adirondack, kumpoto kwa chigawo cha New York, kumene chipale chofewa chimakwirira misewu miyezi ingapo pa chaka ndipo mabanja ambiri amapeza za lero lokha. Buku lakelo, The Sweet Hereafter, lidatuluka m'chaka cha 1991. Mutu wake ukunena za moyo wokoma wa kuseri kwa imfa, koma owerenga asayembekeze kumvamo za omwe adatsogola. Nkhani yonse ndi ya otsala, ndi zimene otsalawo amachitirana akabwerako kumanda.

M'mawa wina wa mwezi wa Januwale, mayi Dolores Driscoll akutola ana a sukulu pa basi imene akhala akuiyendetsa kwa zaka zoposa 20. Mwana aliyense amamudziwa dzina, makolo ake ndi khomo limene amatulukira. Potsetsereka phiri, akuona chinthu chonga galu pakati pa msewu, ngakhale iwo eni pambuyo pake sakutsimikiza ngati adalidi galu. Akupinda chiwongolero, basi ikuthyola zitsulo zotchinga m'mbali mwa msewu nikagwera m'dzenje limene kale adakumbamo mchenga, lodzaza madzi ozizira. Ana 14 akufera momwemo. Pa mudzi waung'ono ngati uwu, ana 14 ndi m'badwo wathunthu.

Banks sadaitole m'mutu mokha nkhaniyi. M'mwezi wa Sepitembala 1989, ku Alton m'chigawo cha Texas, lole yonyamula zakumwa zoziziritsa kukhosi idagunda basi ya sukulu niigwetsera m'dzenje la madzi, ndipo ophunzira 21 adamwalira. Chimene chidatsatira chidadabwitsa anthu ambiri. Maloya adakhamukira kumeneko ngati ntchentche, mabanja osauka adayamba kusumira uku ndi uku, ndipo anthu omwe adalira maliro limodzi adayamba kuyang'anana ndi diso lofiira chifukwa cha ndalama za chipepeso. Apa ndi pamene mlembiyu adapeza funso la buku lake.

Nkhani akuisimba ndi anthu anayi, aliyense ndi pakamwa pake, ndipo wina amayambira pamene mnzake walekezera. Mayi Dolores ndiwo akutsegula ndi kutseka. Wachiwiri ndi Billy Ansel, mwini galaja, amene adamenya nawo nkhondo ya ku Vietnam ndipo mkazi wake adamwalira ndi khansa. Iye adali ndi chizolowezi chotsatira basi pambuyo m'mawa uliwonse, akubayibitsana ndi ana ake amapasa omwe ankakhala pa mpando wakumbuyo. Choncho adaona zonse ndi maso ake. Kwa Billy ngozi ndi ngozi basi. Sakufuna loya, sakufuna khobidi, ndipo sakuloza munthu chala. Tikadafuna kumutamanda kuti ndi munthu wopirira, koma mlembi satilola kutero, pakuti Billy akungomira m'botolo la mowa. Kukana kwake kuimba mlandu wina aliyense ndi kukana kwa munthu amene waleka kuyembekezera kanthu pa dziko.

Wachitatu ndi Mitchell Stephens, loya wochokera mumzinda wa New York. N'kosavuta kumuda munthuyu, pakuti akugogoda pa makomo a anamfedwa misozi isanaume. Komatu mawu ake ali ndi fupa. Iye amakhulupirira kuti zimene anthu amazitcha ngozi nthawi zambiri zimakhala zotsatira za munthu wina amene adakhala mu ofesi nawerengera kuti kukonza chinthu n'kodula kuposa kuchisiya. Ndani adaika zitsulo zosalimba m'mbali mwa msewu? Ndani adasiya dzenje lija losakhetsa madzi? Akapanda kulipitsidwa mowawa, akutero iye, mawa basi ina idzagweranso. Ife amene timadziwa milatho yothyoka ndi maboti odzaza mopyola muyeso sitingamutsutse msanga.

Koma pali zinthu ziwiri zimene zikumuyendetsa mobisa. Choyamba ndi luso la ntchito yake. Kuti mlandu ubale ndalama, wolakwa ayenera kukhala wa thumba lakuya, monga boma kapena akuluakulu oyang'anira misewu. Mayi Dolores alibe kanthu, choncho Stephens akufunitsitsa kuti iwo aoneke osalakwa, ndipo chifundo sichikulowapo. Chachiwiri ndi bala lake. Mwana wake wamkazi, Zoe, adalowerera m'mankhwala ozunguza bongo, amaimba foni pofuna ndalama zokha, ndipo ali ku Sam Dent komweko akumuuza bambo ake kuti amupeza ndi kachilombo ka HIV. Stephens akukumbuka tsiku lina Zoe ali khanda, atalumidwa ndi kangaude kutali ndi chipatala. Dokotala adamulangiza pa foni kuti anyamule mpeni, ndipo mwana akabanika panjira amuboole pakhosi kuti apume. Adayenda ulendo wonsewo mwana ali pamiyendo, mpeni uli m'manja. Tsiku limenelo adamupulumutsa, koma lero alibe pogwira. Mkwiyo umene akuwagulitsa makolo a ku Sam Dent ndi wake womwe, wa bambo amene mwana wake akufa ali moyo ndipo palibe woti amusumire.

Wachinayi ndiye akutembenuza zonse. Nichole Burnell ndi mtsikana wa zaka 14 amene adapulumuka m'basimo koma miyendo yake idafa. Kwa loya, iye ndi mboni ya golide: mwana wokongola, wanzeru, wokondedwa ndi mudzi wonse, tsopano ali pa njinga ya olumala. Chimene loyayo sakudziwa n'chakuti bambo ake omubereka akhala akumuchita zachisembwere mobisa ngozi isanachitike, ndipo tsopano bambo omwewo akuwerengera ndalama zimene kulumala kwa mwanayo kubweretse. Nichole akumvanso Billy akudandaulira bambo akewo kuti milandu ikung'amba mudzi. Tsiku lopereka umboni litafika, atalumbira pamaso pa maloya, mtsikanayu akunena kuti adaona ndi maso ake kuti basi inkathamanga mamailosi 72 pa ola, ndiye kuti makilomita oposa 115. Limeneli ndi bodza, ndipo Stephens akudziwa, bambo akenso akudziwa. Koma ngati woyendetsa ndiye adalakwa, palibenso wa thumba lakuya woti n'kumusumira. Mlandu ukugwa pomwepo, maloya akulongedza zikwama zawo, ndipo mudzi ukuyamba kupuma.

Kunyumba kwathu bukuli lidabutsa mkangano umene sudathe mpaka lero. Tidaliwerenga mosinthana, ndipo titafika pa chigawo chimenechi tidagawikana. Ena a ife ankati mtsikanayu adachita zimene akuluakulu onse a m'mudzimo adalephera. Adathamangitsa adyera, adalanga bambo woipa ndi chida chokhacho chimene adali nacho, ndipo adabwezera anansi mwayi woti alonjerane pamsewu. Kodi mwana wolakwiridwa chotero, amene alibe bwalo lokasumako, tingamuweruze ife? Enafe tinkati inde, bala la Nichole ndi lenileni, ndipo palibe wa ife angamutemere mwala. Koma tidaphunzitsidwa tili ana ku madrasa kuti umboni wabodza uli m'gulu la machimo akuluakulu, ndipo bukuli lidationetsa chifukwa chake momveka kuposa mmene tidamvera pamphasa paja. Bodza limene lalumbiriridwa limafuna munthu woti limugwere. Nichole ankalasa bambo ake, koma muvi udakalasa mayi amene adamunyamula kupita kusukulu zaka zonse zija.

Pamene tidagwirizana ndi apa: chimene chikutisautsa kwambiri m'bukuli ndi changu chimene mudzi udalandirira bodzalo, kuposa bodza lenilenilo. Anthu a ku Sam Dent sadafunse kawiri. Billy, amene adali pambuyo pa basi ndipo akudziwa mmene inkayendera, sakupita kukatsutsa. Mudziwo udali utatopa ndi funso lopanda yankho, ndipo nambala ya 72 idawapatsa dzina ndi nkhope. Kunena kuti ana adafa chifukwa cha chipale, msewu wotsetsereka ndi galu amene mwina kudalibe, n'kolemera kwambiri kusenza. Kunena kuti adafa chifukwa cha mayi uje wa kuseri kwa phiri kumapepuka. Ndipo taonani amene adasankhidwa: mayi wachikulire, wosauka, amene amuna awo a Abbott adagwidwa matenda ofa ziwalo ndipo amalankhula movutikira. Mlandu udasiya maofesi akutali nukakhazikika pa khomo lopanda mpanda.

Ife a kunyanja sitifuna womasulira pa zimenezi. Boti likatembenuka, mitembo isanavuulidwe yonse, pagombe pamakhala patamveka kale dzina: woyendetsa adaledzera, mwini boti ali ndi zizimba, kapena agogo aja adalankhula mawu okayikitsa dzulo lake. M'mwezi wa Januwale 2016, ku Neno, anthu anayi okalamba adaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo atawaganizira kuti ndiwo adatumiza mphenzi imene idapha mtsikana. Lamulo loletsa kunenera munthu ufiti lidakhazikitsidwa m'dziko muno m'chaka cha 1911, koma chisoni chikasanduka mkwiyo sichifunsa za malamulo. Ku Sam Dent kulibe wolankhula za ufiti. Ali ndi makhoti, malumbiro ndi mapepala, koma njala yake ndi yomweyo, ndipo wodyedwa ndi wa mtundu womwewo.

Sitikunena kuti pakagwa tsoka tisafunse. Kukhulupirira kuti nthawi ya munthu aliyense idalembedwa sikumasula amene adadzaza boti mopyola muyeso, ndipo Stephens, ndi dyera lake lonse, adali ndi mfundo pa za zitsulo zija. Mlandu utagwa, mafunso ake adagwa nawo. Palibe amene adayankhanso za dzenje la mchenga, pakuti wolakwa adali atapezeka kale. Akulu adati mlandu suwola, koma ku Sam Dent tikuona kuti ukhoza kusamutsidwa, kuchoka pa amphamvu kupita pa ofooka, anthu onse n'kumauyesa watha.

M'chaka cha 1997, Atom Egoyan adapanga filimu yochokera m'bukuli, naisamutsira ku British Columbia m'dziko la Canada, ndipo idalandira mphoto ya Grand Prix ku Cannes. Ndi filimu yabwino, koma idasiya chigawo chomaliza, chimene ife timachiona kuti ndicho mtima wa buku lonse.

Patapita miyezi, m'nyengo yotentha, mayi Dolores akuganiza zotulukanso pagulu. Akuwatenga a Abbott pa njinga yawo kupita ku chionetsero cha pachaka, kumene kuli mpikisano wogundanitsa magalimoto akale mpaka patatsala imodzi yoyenda. Anthu omwe adakula nawo akuyang'ana kumbali. Palibe wowathandiza kukweza amuna awo pa masitepe a bwalo, mpaka atatulukira Billy, ataledzera. Nichole akufika, khamu lonse likumuombera m'manja. Ndipo ndi pomwepo, pakati pa phokosolo, pamene Billy akuwauza mayi Dolores zimene mtsikanayo adalumbira. Miyezi yonseyi iwo sadadziwe chifukwa chenicheni chimene mudzi udawafulatira.

Mwa magalimoto omwe ali pabwalopo muli imodzi imene idali ya mayi Dolores, yomwe ankanyamulira ana kale basi isanabwere, ndipo ana ankaitcha Boomer. Khamu likuizindikira. Nthawi iliyonse imene galimoto ina yaigunda, anthu akukuwa ndi chimwemwe, ngati kuti chitsulo chikuphwanyikacho ndi mayiwo. Koma Boomer sikuzima. Ikugundidwa, ikubwerera, ikugunda zinzake, ndipo pang'onopang'ono mfuu ikutembenuka. Anthu omwe aja tsopano akuichemerera, mpaka ikutsala yokha pabwalo. Mudzi walanga, mudzi wakhululuka, zonse madzulo amodzi, popanda wina kutembenuka kukawayang'ana mayiwo m'maso.

Mayi Dolores sakukwiya ndipo sakupempha kuti mlandu utsegulidwenso. Chimene akumva mumtima mwawo n'chakuti iwo, Nichole ndi ana onse a m'basi ija, amoyo ndi akufa omwe, adasamukira kale kumudzi wina umene anthu okuwawo sangaufike, ndipo kuchemerera kwawo kapena kunyoza kwawo sikuwakhudzanso. Anyamata akuwathandiza kutsitsa njinga ya a Abbott, iwo akuikankha kudutsa m'khamulo kupita kumene adaimika galimoto, ndipo akuyamba ulendo wobwerera kwawo mumdima.