Tsamba la dipatimenti limawerengedwa ku Nkaya

Pa masamba onse a pa intaneti amene yunivesite imakhala nawo, lokongola ndi lija loyambirira. Pamakhala chithunzi cha nyumba yosanjikizana, uthenga wa akuluakulu, ndi ophunzira ovala mikanjo akuponya zisoti m'mwamba. Limenelo amalisamala ngati pabalaza. Koma masamba amene amakhudza moyo wa munthu ali mkati, kuchipinda kosafika alendo: tsamba la dipatimenti, ndi timasamba ta aphunzitsi, aliyense kake. Kumeneko n'kumene mungapeze zija amati chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere.

Ndikunena izi monga munthu amene wakhala zaka zingapo mu ofesi ya makompyuta pa yunivesite ina, ntchito yanga kukhala yothandiza madipatimenti kuika masamba awo pa netiweki. Koma kwathu ndi ku Nkaya, m'boma la Balaka, pamphambano ya njanji. Ina imachokera ku Limbe kupita ku Salima, ina imakhotera kum'mawa, kuoloka Shire pa Liwonde, kudutsa m'boma la Machinga mpaka ku Nayuchi. Ya ku Nayuchiyi inatsegulidwa mu 1970. Masiku ano mabogi a malasha ochokera ku Moatize amadutsa pomwepo kunka ku Nacala, ataliatali mpaka mwana kutopa kuwawerenga. Katundu wa dziko lina amadutsa pakhomo pathu usana ndi usiku, koma nkhani ya maphunziro a ku Zomba, komwe si kutali, imafika movutikira.

Kuika tsamba pa netiweki ya yunivesite si ufiti. Pali kompyuta imodzi yosazimitsidwa, imene timaitcha seva. Njira yakale inali yakuti ofesi yathu imakutsegulira akaunti, n'kukupatsa kachikwatu kako pa sevapo. Umalemba tsamba lako m'chinenero cha HTML, n'kulitcha index.html, n'kuliponya m'kachikwatuko. Basi. Adiresi yake inkakhala dzina la yunivesite, kenako kachizindikiro kokhotakhota aka ~, kenako dzina lako. Aliyense padziko lapansi akalemba adiresiyo, seva imamutumizira zimene walemba. Lero ambiri amagwiritsa ntchito mapulogalamu ngati WordPress, momwe umangolemba ngati ukulemba pa Facebook, koma mfundo ndi yomweyo: akupatse malo, akupatse pasiwedi, ulembe.

Mwina achinyamata ena sadziwa kuti intaneti m'dziko muno inalowera khomo la yunivesite. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Dr Paulos Nyirenda, mphunzitsi wa fizikisi ku Chancellor College, anayambitsa imelo pogwiritsa ntchito Fidonet. Makompyuta ankachita kuimbirana pa foni ya waya kuti apatsirane makalata, kenako n'kudula. A Nyirenda omwewo ndi amene pambuyo pake anatsogolera Malawi SDNP, bungwe losamala mayina a pa intaneti othera ndi .mw. Mukaona adiresi yothera ndi ac.mw, dziwani kuti ndi ya sukulu kapena bungwe la zamaphunziro la kuno kwathu. Lero mayunivesite ali ndi netiweki yawo yolumikizirana, MAREN, ndipo UbuntuNet Alliance, imene imalumikiza manetiweki otere kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, ili ndi ofesi ku Lilongwe. Msewu ulipo tsopano. Chovuta ndi katundu amene timakwezapo.

Zimakhala chonchi. Dipatimenti ikapatsidwa tsamba, pasiwedi amapatsidwa mphunzitsi wamng'ono, uja wangolembedwa kumene, poti ndiye amadziwa za makompyuta. Amagwira ntchito mwakhama miyezi itatu. Kenako apeza mwayi wokaphunzira kunja, ndipo pasiwedi ipita naye ku Pretoria. Tsamba litsala pomwepo. Mkulu wa dipatimenti asintha, pulogalamu isintha dzina, fizi ikwera kawiri, koma tsamba likunenabe zakale, ndipo silinama ndi manyazi ayi, limanena ndi nkhope yowongoka. Palibe amene amadandaula pasukulupo, chifukwa aliyense wa mkati amadziwa kale zoona zake. Akafuna kudziwa kanthu amangogogoda pakhomo la sekilitale.

Wosatha kugogoda ndi uja ali ku Nkaya.

Mwana wa achemwali anga atalandira zotsatira za MSCE, inafika nthawi yofunsira malo kudzera ku NCHE. Aliyense amadziwa lamulo lalikulu: makirediti 6, kuphatikizapo Chingerezi. Koma pulogalamu iliyonse ili ndi zofuna zake pamwamba pa zimenezo, ndipo m'menemo ndi momwe ana ambiri amagwera. Mtsikanayu anagula bandulo yaing'ono, n'kukaima pamalo pamene netiweki imagwira bwino, n'kutsegula tsamba la dipatimenti imene ankailakalaka. Madzulo anandiimbira.

"Amalume, apa alemba kuti sayansi iliyonse ndi yokwanira. Koma pa chikalata cha chaka chino akuti kemisitiri. Ndimvere ziti?"

"Tsambalo alemba kuti ndi la liti?"

"Palibe deti, amalume. Pali chithunzi cha abwana atavala tayi basi."

M'mawa mwake ndinayenda mapazi osakwana 200 kukafunsa kwa amayi a mu ofesi ya dipatimentiyo. Anaseka. "Iii, achimwene, zimenezo zinasintha kalekale. Kodi zikadali pomwepo?" Mphwangayo anasankha pulogalamu ina yogwirizana ndi magiredi ake, ndipo anapeza malo. Mnzake amene ankakhala naye desiki imodzi anakhulupirira tsamba lija, n'kuika pulogalamuyo patsogolo, mwayi umodzi n'kutayika chabe. Chaka chimenecho dzina lake silinatuluke. Sindingalumbire kuti tsamba lokha ndi limene linamugwetsa, mpikisano wa malo ndi woopsa. Koma kusiyana kwa atsikana awiriwa pa tsiku losankha kunali kumodzi: wina anali ndi malume ku yunivesite. Ntchito ya tsamba la dipatimenti ndi kukhala malume wa mwana amene alibe malume kumeneko.

N'chifukwa chake ndimakangana ndi madipatimenti pa zinthu zimene iwo amaziona ngati zazing'ono. Choyamba ndi deti. Pansi pa tsamba pazilembedwa tsiku limene munthu analiona komaliza, kuti wowerenga adziwe ngati akudya nsima ya lero kapena mkute. China ndi kulemera. Anthu amakonda kujambula chikalata pa makina, chidindo ndi siginecha zonse, n'kuchiika ngati PDF. Pa kompyuta ya mu ofesi, pa intaneti yaulere, chimatseguka msanga. Pa foni ya ku Utale chimafika pakati, netiweki n'kuthawa, n'kuyambiranso, bandulo n'kutha. Mawu omwewo atalembedwa pa tsamba penipenipo salemera ngakhale ngati chithunzi chimodzi cha pa WhatsApp. Ndipo nambala ya foni ikhale yoti wina amayankha. Nambala za mafoni a waya amene anafa kalekale zikadali mbwee pa masamba athu.

Pali chinthu china chimene ndikachitchula m'misonkhano anthu amayang'anana. Ndimati tiikepo ndime imodzi m'Chichewa, ngakhale m'Chiyao, yonena kuti maphunzirowa ndi a zaka zingati, fizi ndi zingati, ngongole ya boma amafunsira kuti, ndipo womaliza amagwira ntchito yanji. Amati yunivesite imaphunzitsa m'Chingerezi. Zoona. Koma amene adzagulitse thonje ndi mbuzi kuti mwana apite si mwanayo. Ndi bambo ake, ndi mayi ake, ndipo iwo ali ndi ufulu womva chimene akugula. Mpaka pano ndapambana pa dipatimenti imodzi yokha.

Masamba a aphunzitsi, aliyense payekha, ndi nkhani ina. Ena amakana, amati n'kudzionetsera. Ena amaopa kuti manotsi awo abedwa, ngati kuti ophunzira sakuwagulitsa kale pa fotokope. Ena amaika mndandanda wa madigiri ndi misonkhano ya kunja, masamba 12, osanena ngakhale tsiku limene wophunzira angawapeze mu ofesi. Ine ndimawauza za kwathu. Ku Balaka ndi ku Machinga kumabwera ofufuza chaka ndi chaka, ndi mapepala a mafunso. Amafunsa za chilala, za thonje, za nsomba za m'nyanja ya Chilwa, za atsikana osiya sukulu. Agogo amasiya khasu n'kukhala pansi pa mlambe ola lathunthu akuyankha. Galimoto ikapita, basi. Zotsatira zimakatuluka m'magazini a kunja olipira madola, kapena zimakhala pa shelefu ya dipatimenti mpaka chiswe chitazipeza. Tsamba la mphunzitsi ndi malo otchipa kwambiri obwezera ngongole imeneyi: ndime zitatu zonena kuti tinafunsa zakuti, tinapeza zakuti. Mphunzitsi wa sekondale ya ku Nkaya angathe kuziwerenga pa foni n'kukauza makolo pa msonkhano.

Koma si zonse zoyenera kukwera. Tsamba la pa intaneti si bolodi la pakhonde la dipatimenti, limene amaona anthu odutsa okha. Ndakanapo kuika mndandanda wa ophunzira olephera mayeso, mayina ndi manambala awo. Ndakanapo zithunzi za odwala ndi za ana a m'mudzi ojambulidwa popanda kupempha makolo. Mphunzitsi wina anakwiya, amvekere, "Iwe ntchito yako ndi kuika, osati kusankha." Tsopano pali lamulo loteteza uthenga wa munthu, Data Protection Act ya 2024, ndiye ndimangolitchula, mkangano n'kutha. Kale ndinkachita kufunsa kuti, "Bwana, atakhala mwana wanu, dzina lake n'kumatuluka pa Google zaka 10 zikubwerazi, mungamve bwanji?"

Kwa inu amene muli pa yunivesite panopa ndipo mwapatsidwa kamalo pa netiweki, kapena imelo ya sukulu, dziwani kuti nyumbayo ndi ya lendi. Mukamaliza maphunziro akaunti imatsekedwa. Ngakhale dzina la sukulu limasintha. Mu 2021 Polytechnic inasanduka MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS, ndipo Chancellor College inatsala ndi dzina la University of Malawi. Bunda inali itachoka kale kukakhala mbali ya LUANAR. Dzina likasintha, adiresi imasintha, poly.ac.mw kukhala mubas.ac.mw, ndipo linki imene munalemba pa CV yanu ikhoza kuloza pabwinja. Sungani kope la zonse pa fulashi yanu. Ngati mumalemba za kafukufuku, tengani nambala ya ORCID, ndi yaulere ndipo imakutsatani kulikonse mungasamukire.

Chaka chatha tinkasamutsa zinthu kuchoka pa seva yakale. Pa mndandanda wa zofufuta panali kachikwatu ka mphunzitsi wina wa masamu amene anatisiya zaka zapitazo. Tsamba lake linali loyera, lopanda chithunzi ngakhale chimodzi, mafunso akale ndi mayankho ake ofotokozedwa pang'onopang'ono. Nditayang'ana kaundula wa seva ndinapeza kuti anthu akulitsegulabe, ambiri pa mafoni, makamaka mayeso akayandikira. Ndinalemba kalata kwa mkulu wa dipatimenti kupempha kuti tilisunge, adiresi yakale izilozera ku yatsopano. Inatenga miyezi iwiri kuti asayine. Ntchito yeniyeniyo inali mzere umodzi pa seva, ndipo ndinaulemba tiyi asanazizire.