Mwana wosamva

Lero ndikufuna ndiulule kupusa kwanga. Paja wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo nkhani yake ndi ya khutu lomwelo.

Mu Okotobala 2023 tinatenga ana a kalabu ya zachilengedwe kupita ku Cape Maclear, ku Lake Malawi National Park, malo amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Tinanyamuka pano pa Boma m'bandakucha, kudzera ku Zomba, Liwonde ndi Mangochi. Ambiri mwa anawo anali asanaionepo nyanja. M'basi ndinawalalikira za likodzo ndi za ngozi yomira, koma za makutu sindinanene kanthu.

Pa Otter Point tinapeza anyamata a komweko akudumphira m'madzi n'kumatola timiyala pansi, mbuna zikuwazungulira. Ana anga anayamba kukuwa, "Sala, nanunso!" Ine, bambo wa zaka 40 ndi kanthu, wodwala chimfine, ndinavula malaya. Ndinalowa pansi kanayi kapena kasanu. Ulendo womaliza ndinamva ngati wina wandibaya ndi msomali m'khutu lakumanja.

Chomvetsa manyazi n'chakuti ine ndi amene ndimaphunzitsa Fizikisi. Chaka ndi chaka ndimalemba pa bolodi kuti madzi amakankha kwambiri munthu akamatsika, ndipo pa mamita 10 kukankhako kumakhala kawiri poyerekeza ndi pamwamba. Nembanemba ya m'khutu siyembekezera mamita 10. Pa mamita awiri kapena atatu okha imayamba kale kukankhidwira m'kati. Chimene chimaipulumutsa ndi kanjira kochokera kuseri kwa mphuno, kamene kamalowetsa mpweya kumbuyo kwa nembanembayo. Odziwa kusambira pansi amatsina mphuno n'kupemerera pang'onopang'ono kuti kanjirako katseguke. Chimfine chimakatseka. Zonsezi ndinkazidziwa, koma pa bolodi pokha.

Titabwerako, m'khutumo munkangomveka madzi kuti kapakapa. Ndinakulunga thonje ku kamtengo ka machesi n'kuyamba kutokosa. Mnzanga wina anati nthenga ya nkhuku ndiye imakanda bwino. Mayi wina woyandikana nafe anabwera ndi mafuta ophikira ofunditsa pa supuni, ndipo ndinapendeketsa mutu ngati mwana. Tsiku lachinayi khutu linatupa moti kutafuna nsima kunali nkhondo, kugonera mbali imeneyo kosatheka. Mayi a kunyumba anandifunsa, "Abambo, mukudikira kuti liwole kaye?"

Kuchipatala cha boma pano pa Boma, adokotala anangokoka khutulo pang'ono ndipo ndinadzambatuka pa mpando. Anati chimenecho ndi chizindikiro chakuti matenda ali mu ngalande ya kunja. Ataunika ndi katochi kawo anandiuza kuti nembanemba yafiira chifukwa cha kukankhidwa ndi madzi koma sinabooke. Vuto lalikulu ndinalipanga ndekha. Madzi atakhalitsa anafewetsa khungu la m'ngalandemo, ine n'kuchotsa phula la m'khutu limene limateteza khungulo, kenako machesi n'kusiya timabala tolowera tizilombo. Anandiuzanso kuti nembanemba ikanakhala yobooka, mafuta aja akanalowa m'kati mwenimweni. Anandipatsa mankhwala odonthezera, n'kundilamula kuti m'khutumo musalowe madzi mpaka nditachira.

Milungu iwiri yotsatira ndinaphunzitsa ndi khutu limodzi, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Mwana akayankha kumbuyo, ndinkaona milomo ikugwedezeka koma mawu ankasokonekera ndi phokoso la kalasi. Wina akandiitana, ndinkatembenukira mbali yolakwika ana n'kuseka. Mvula yoyamba itagwa pa malata, ndinangoima ngati mlendo m'kalasi mwanga momwe. Pa msonkhano wa aphunzitsi ndinkagwedeza mutu kuvomereza zinthu zimene sindinamve, kuopa kunena kuti "mwati bwanji?" kachitatu. Pofika masana ndinkakhala nditatopa ngati ndalima.

Tsiku lina ndikugwedeza mutu choncho, ndinakumbukira kuti kugwedeza kumeneku ndinakuonapo. Mu Fomu 2 munali mnyamata wina amene ankakhala pa ngodya kumbuyo, kathonje kali m'khutu. Ukamufunsa funso ankamwetulira n'kugwedeza mutu. Ukati atsegule tsamba 40, iye ankasuzumira kaye kwa mnzake. Ine ndemwe ndinali nditamuuzapo pamaso pa anzake kuti ndi mwana wosamva. M'Chichewa chathu mawu amenewa timatanthauza mwano, ndipo sindinaimepo n'kudzifunsa ngati mwina akutanthauzadi zimene akunena.

Ndinamuitana titaweruka. Anandiuza kuti khutu lake linayamba kutuluka mafinya ali Sitandade 4, ndipo akasamba kumtsinje zimayambiranso. Agogo ake ankamudonthezera mafuta ndi madzi a masamba. Ndinamufunsa chifukwa chake ankakhala kumbuyo pamene samva bwino. Anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Sala, anzanga amati limanunkha."

Tinakambirana ndi amalume ake, ndipo chipatala chathu chinamutumiza ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, kumene kuli madokotala a makutu, mphuno ndi mmero. Anapeza kuti nembanemba yake inabooka kalekale. Mafinya anauma ndi mankhwala, koma kumva sikunabwerere konse. Langa linachira m'milungu iwiri. Lake linadikira zaka zisanu, ndipo chaka chimodzi mwa zimenezo anali pamaso panga tsiku ndi tsiku.

Timanyadira kuti boma lathu lino lili ndi sukulu ya ana osamva ya Maryview ku Nguludi, komanso koleji ya Montfort imene imaphunzitsa aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera. Mwina n'chifukwa chake timaganiza kuti ana a vuto la makutu ali kumeneko basi. Koma mwana amene amamva theka sapita ku Maryview. Ali m'kalasi mwathu, kumbuyo, akugwedeza mutu.

Mnyamata uja ndinamusamutsira kutsogolo, khutu labwino kumbali yanga. Ndinasiyanso kulankhula nditayang'ana bolodi, chizolowezi cha zaka pafupifupi 20. Teremu yotsatira anayamba kukweza dzanja. Nthawi zina ankalakwa, koma ankayankha funso limene ndafunsa.

Aphunzitsi anzanga, mukamapita ndi ana kunyanja, wa chimfine asalowe pansi pa madzi, ndipo wa khutu lotuluka mafinya asaviike mutu. Akatuluka apendeketse mutu madzi atuluke okha, apukute kunja kokha ndi kansalu. Machesi, nthenga, mafuta ndi timitengo tathonje ta mu golosale tisalowe m'khutu. Ululu ukapitirira, kapena kukatuluka mafinya kapena magazi, kapena mwana akamachita chizungulire, ulendo wa kuchipatala usadikire. Ndipo musanalembe pa lipoti kuti mwana ndi wosamva, imani kumbuyo kwake, mutchule dzina lake motsitsa mawu, muone ngati atembenuke.

Inu ana anga akale, ngati alipo amene ndinamukalipira pamene vuto linali khutu, andikhululukire. Belu lalira, ndithamangire ku Fomu 3. Mutu wa lero ndi womwe uja wa kukankha kwa madzi.