Mapapo Ovulala Safuna Kupopedwa Kwambiri

Ambirife timaganiza kuti makina othandizira kupuma ali ngati pampu ya njinga, kuti ukapopa kwambiri ndiye kuti zili bwino. Sizili choncho ayi.

Chibayo choopsa kapena COVID-19 zikavulaza mapapo, timatumba ta mpweya timadzaza madzi, tina n'kuphwa. Mbali yogwirabe ntchito imatsala yochepa, moti dokotala wa ku Italy, Luciano Gattinoni, ankaifanizira ndi mapapo a khanda m'chifuwa cha munthu wamkulu. Mukakankhiramo mpweya wambiri, timatumba totsalato timafutukuka mopitirira muyezo n'kuvulala.

M'chaka cha 2000, madokotala a ku America anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa odwala 861. Pa kupuma kulikonse, ena ankapatsidwa mamililita 12 a mpweya pa kilogalamu iliyonse ya thupi, ena mamililita 6 okha. M'gulu loyamba anamwalira pafupifupi 40 mwa 100 alionse, m'gulu lachiwiri 31. Makilogalamuwo sawerengedwa pa sikelo, koma potengera kutalika kwa munthu, pakuti kunenepa sikukulitsa mapapo.

Zimenezi zinandithandiza mu Januwale 2021, pamene ndinaperekeza mayi wina wa mumpingo mwathu kukamva za amuna awo, amene anali m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Sitinaloledwe kulowa. Namwino atatiuza kuti bambowo awagoneka chafufumimba, mayiwo anawawidwa mtima.

"Munthu wobanika angamugoneke bwanji chafufumimba? Bwanji osangowawonjezera mpweya?"

Ndinawagwira dzanja. "Mayi, akuwasamalira bwino. Munthu akagona chagada, mtima ndi madzi aja zimapanikiza mapapo a chakumsana, komwe kuli mbali yaikulu. Akamutembenuza, mbali imeneyo imatseguka."

Sindinkangowatonthoza. Kafukufuku wa ku France ndi Spain wa 2013 anapeza kuti mwa odwalitsa amene ankagonekedwa chafufumimba maola osachepera 16 patsiku, 16 mwa 100 anamwalira m'masiku 28. Mwa ogona chagada anamwalira pafupifupi 33. Makinawo sachiritsa, amangomupumira munthu pamene mapapo akupola, ndipo kuyang'anira kwake n'kotopetsa. Kutembenuza wodwala mmodzi kumafuna anthu angapo, wina atagwira chubu cha kukhosi kuti chisasunthe.

Mayi aja anakhala chete kwa kanthawi. Kenako anafunsa namwino kuti awatembenuzanso nthawi yanji, n'kukhala pabenchi kudikira.