Ulendo wa ku Chembe, Kumene Ilala Inakocheza

Ambiri a ife okhala m'minda ya tiyi ya ku Thyolo nyanja timangoimva m'nkhani. Usipa wouma timaugula pamsika, koma madzi amene umachokamo sitinawaonepo, ndipo ena amati kunyanja n'kwa Azungu ndi anthu andalama okha. Akulu akale anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. N'chifukwa chake ife akulu a mpingo ndi aphunzitsi angapo tinasonkha ndalama, tinabwereka basi, ndi kutenga ana athu kupita ku Chembe, kumene pamapu analemba kuti Cape Maclear.

Tinanyamuka tambala woyamba atalira, nkhungu itaphimba tiyi yense. Tinadzera ku Limbe, Zomba ndi Liwonde, ndipo titapitirira Mangochi majuzi onse anali atavulidwa, milambe italowa m'malo mwa bulugamu. Tisanafike ku Monkey Bay tinapatukira kumanzere, ndi kutsata njira yokhotakhota ya m'mapiri mpaka nyanja inatulukira patsogolo pathu. Ana amene anali kuimba njira yonse anangoti zii.

Chembe ndi mudzi wa asodzi. Mabwato ali ndandanda pamchenga, usipa uli mbuu pamatandala, ndipo usiku nyali za asodzi zimayaka pamadzi ngati mudzi wina. Mudziwu wazunguliridwa ndi Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndi kulembedwa ndi UNESCO mu 1984 monga chuma cha dziko lonse lapansi, makamaka chifukwa cha tinsomba ta mbuna. Tinakwera boti kupita kuchilumba cha Thumbi, ana onse atavala zoyandamitsa. Kumeneko madzi ndi oyera kotero kuti mbuna zobiriwira ndi zachikasu zimaoneka poyera pakati pa miyala, ndipo nkhwazi inatsika ndi kutola nsomba ife tikupenya.

Koma chimene tinadzera makamaka chili patsinde pa phiri, kumapeto kwa mudzi. Pamenepo pali manda a atumiki oyamba a Livingstonia. Mu Okutobala 1875 sitima ya Ilala inalowa m'nyanjayi, motsogozedwa ndi E. D. Young, pamodzi ndi Dr Robert Laws. Sitimayo inabwera m'zidutswa, ndipo anthu mazana ambiri a m'chigwa cha Shire, chimene ife timachiona tikaima pamwamba pa mapiri athu, ndiwo anaisenza pamutu kulambalala mathithi a mtsinjewo. M'gulu lomwelo munali Henry Henderson, amene anatsika kudzafuna malo amene mu 1876 anasanduka Mishoni ya Blantyre. Choncho ngakhale ife a kuno kumwera, mbiri yathu inadzera pagombe limeneli.

Malungo sanawachitire chifundo. Dr William Black anamwalira mu 1877, ndipo chaka chomwecho anamwaliranso Shadrach Ngunana, mlaliki wachikuda wochokera ku Lovedale ku South Africa. Pamene mishoni inasamukira ku Bandawe mu 1881, inasiya manda asanu, ndipo wobatizidwa woyamba, Albert Namalambe, anali atangobatizidwa kumene mu Malichi chaka chomwecho. Poyesa ndi muyeso wa anthu, ntchitoyo inali italephera. Koma Namalambe anatsala pamalopo akuphunzitsa ndi kulalikira, mishoni inakwera ku Khondowe mu 1894, ndipo mu 1924 Livingstonia ndi Blantyre anagwirizana kupanga mpingo wa CCAP, umene Nkhoma analowamo mu 1926. Tinaima mozungulira mandawo, tinawerenga Yohane 12:24, ndi kupemphera.

Abale ndi alongo, ambiri a ife tatopa. Mphunzitsi wa Sande Sukulu amaona ana akuchepa, mkulu wa mpingo amayendera nyumba za antchito chaka chonse osabweza ngakhale mmodzi, ndipo mayi amapempherera mwana wake woledzera mpaka mawu kutha. Wotereyu apite akaime pamanda a ku Chembe, awerenge asanu ogona ndi mmodzi wobatizidwa, kenaka akumbukire khamu limene limadzaza tchalitchi chake tsiku la Mgonero.

Kwa ofuna kupita tili ndi malangizo ochepa. Pewani miyezi ya Juni ndi Julayi pamene mphepo ya mwera imavundula nyanja. Konzekerani ndalama yolowera m'paki. Ana asasambe okha, ndipo popeza m'madzi a kugombe muli likodzo, aliyense wosamba akaonane ndi a chipatala akabwerako. Musataye zinyalala pamchenga, ndipo lemekezani eni mudzi, pakuti ife ndife alendo pakhomo pawo. Mabanja khumi akasonkha pang'onopang'ono kuyambira nyengo ya dzinja, pamene tiyi wachuluka ndipo m'thumba muli kanthu, ulendowu ndi wotheka ndithu.