Mafilimu a nyimbo si zachibwana

Aphunzitsi anzanga, ambirife timati mafilimu oimba ndi kuvina amangotayitsa ana nthawi. Ine sindivomereza.

Mu 1933 anthu mamiliyoni ku America anali pa ulova. Filimu ya Gold Diggers of 1933 imayamba ndi atsikana akuvina atavala makobidi, koma imatha ndi asilikali akale ali pamzere kudikira chakudya. Gule analipo, koma umphawi sanaubise.

Kuno ku Mangochi nako zinali chimodzimodzi. Chilala cha 1992 chitatisautsa, kwacha n'kugwa mu 1994, tinkadzazabe m'tinyumba ta vidiyo kuonera Disco Dancer ya ku India. Jimmy, mwana wosauka amene mayi ake ananamiziridwa kuba ndi munthu wachuma, anali ngati mnzathu. Chihindi sitinkachimva, koma manyazi aumphawi tinkawadziwa bwino. Akapambana pa siteji, ife ana a asodzi tinkaomba m'manja ngati tapambana ndife.

Kwacha inagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ana athu akamakonda nyimbo kapena filimu inayake, tisathamangire kuwakalipira. Tiwafunse kaye chimene akuonamo. Mwina akutiuza za kunyumba kwawo.