Madzi otumphuka pansi pa simenti

Nyumba yathu ili kunsi kwa chitunda, pafupi ndi boma la Mwanza, cha kumsewu wopita ku Zobue. Tidaigula mu Okutobala 2021, dzuwa likuswa mtengo, nthawi imene nyumba iliyonse imaoneka yabwino. Penti inali yatsopano, koma m'munsi mwa khoma munali mzere woyera ngati mchere. Mayi wina woyandikana nafe adandikokera pambali: "Bambo, malo anotu kale linali dambo." Ndi mawu amenewo ndidanenerera mtengo, ndalama yotsalayo nkugulira pampu yamagetsi. Tidakumba dzenje kuseri kuti madzi azisonkhanamo, pampuyo iziwataya.

Namondwe wa Ana atafika mu Januwale 2022, denga silidadonthe ngakhale pang'ono. Madzi adatumphuka pansi, m'ming'alu ya simenti. Namondwe yemweyo adaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, kuzimazima kwa magetsi nkutenga miyezi, pampu ija ili phee m'dzenje. Tinkakapa madzi ndi zidebe usiku. Chimanga chidachita chuku m'matumba, chimbudzi chokumba chidadzaza, ana akutsokomola. Mayi a kunyumba adati tingoigulitsa. Koma tigulitse kwa yani, ngati si kunamiza munthu wina m'chilimwe?

Mulungu adatithandiza kudzera mwa mmisiri wachikulire wa kutchalitchi kwathu. Sadalowe nkomwe m'nyumba. Adakwera chitunda, nayang'ana kumene madzi amachokera. "Achimwene, mukulimbana ndi madzi atafika kale. Apatseni njira kumtunda kuno." M'mwezi wa Julaye tidakumba ngalande kumtunda kwa nyumba, yakuya kuposa maziko, yotsetsereka mpaka kukhwawa. Pansi tidagoneka paipi yobowolabowola, pamwamba pake miyala. Tidawaka khonde la simenti kuzungulira nyumba, lopendekera kunja, nkudzala udzu wa vetiva m'mizere pachitundapo. Ntchitoyi idadya mbuzi ziwiri ndi ndalama ya manachesi ya chaka chimenecho.

Mu Malichi 2023 kudabwera namondwe wa Freddy, amene adapha anthu ambiri m'chigawo cha kumwera. Mvula idagwa usana ndi usiku, magetsi palibe. Ngalande ija idalira ngati mtsinje, koma m'nyumba tidagona pouma, ndipo mabanja awiri amene makoma awo adagwa adagona pabalaza pathu mpaka mvula itakata.