Giyabokosi ya otomatiki ikayamba makani

 Lero za mayeso a MSCE tiziike kaye pambali. Nkhani ndi ya galimoto zimene ambirife timayendera, zija zimabwera kuchokera ku Japan zitatopa kale, makamaka za otomatiki.

Galimoto yotere ikayamba kuchedwa kusintha magiya, kapena kumagwedeza ngati wina waigunda kumbuyo, mawu oyamba amene mungamve pa galaja ndi akuti giyabokosi yatha, sakani ina. Kwa mphunzitsi amenewo ndi malipiro a miyezi ingapo, mwinanso ngongole. Nanenso anandiuza chimodzimodzi pa yanga ya 1997, koma giyabokosi yake ndi yomweyo mpaka lero.

Poyambira ndi oyilo wake, uja amati ATF. Amene simunkagona pa phunziro la Pascal mukukumbukira kuti zamadzimadzi zikapanikizidwa, mphamvuyo imafika mbali zonse. Giyabokosi ya otomatiki imadalira zomwezo: pampu imakankha oyilo, oyiloyo n'kufinya makilatchi amene ali mkati, giya n'kulowa. Oyilo akachepa pampu imayamwa mpweya, makilatchi amaterereka, ndiye mumangomva injini ikulira kwambiri galimoto osathamanga. Akachulukitsanso amachita thovu, mavuto ake omwewo.

Kayezedwe kake nkosiyana ndi ka oyilo wa injini. Yendetsani galimoto mpaka itenthe, imani pamalo osatsetsereka, injini isazime. Pondani buleki, dutsitsani giya m'malo onse kuyambira P mpaka L, bwererani pa P, kenako zulani dipstick. Oyilo afike pamene alemba HOT. Umu ndi mmene zimakhalira pa Toyota zambiri. Honda zakale zimayezedwa injini itangozimitsidwa. Mukatero mudontheze pa pepala loyera. Wofiira ali bwino. Wabulauni wakalamba, akufunika kusintha. Wakuda wonunkha ngati nsima yopserera ndiye kuti makilatchi akhala akupsa. Koma mukaona ali ngati mkaka wapinki, madzi a mu radiator alowamo kudzera m'kapaipi koziziritsira oyilo, ndipo galimotoyo musaiyendetsenso mpaka ikonzedwe.

Pogula oyilo musamangoti "ndipatseni wofiira uja". Toyota za m'ma 1990 zambiri zimafuna Dexron II kapena III, zina zobwera pambuyo pake zimafuna T-IV, ndipo nthawi zambiri amalemba pa dipstick pomwepo. Za CVT zili ndi oyilo wakewake.

Yanga oyilo anali bwinobwino. Vuto lake linali lokana giya yomaliza, ija ya overdrive, makamaka m'mawa wa June ndi July. Pa msewu wa M1 injini inkalira momvetsa chisoni, petulo akungotha. Masana kukatentha inkasintha popanda vuto. Giyabokosi yotha sisankha nyengo, choncho ndinayamba kuyang'ana muvi wa kutentha kwa injini, ndipo unkangokhala pansi ulendo wonse. Titatsegula tinapeza kuti thermostat mulibe, wina anaichotsa kalekale. Kuno anthu amakonda kuichotsa, ati dziko lathu ndi lotentha. Pamene kompyuta ya galimoto zambiri za nthawi imeneyo inakonzedwa kuti isalole overdrive madzi a injini akadali ozizira. Galimotoyo inkangomvera malamulo ake. Thermostat yatsopano italowa, nkhani inathera pomwepo.

Musanafike konseko, onani kabatani ka O/D ka pa chogwirira giya. Ngati nyale ya O/D OFF yayaka, mwina mwana wangokadina.

Nyale yomweyo ikamaphethira yokha, galimoto ikukuuzani kuti yapeza vuto. Pa Toyota zakale simufunika makina. Pafupi ndi injini pali kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS. Lumikizani TE1 ndi E1 ndi kawaya, tembenuzani kiyi osaliza injini, O/D ikhale yotsegula, n'kuwerenga kuphethirako. Kanayi, kupuma, kenako kawiri ndi 42, kutanthauza sensa ya liwiro. 62 ndi 63 ndi masolenoid osinthira magiya, 64 ndi ya lock-up. Nambalayo sikuti ikunena kuti chipangizocho chafa ayi. Kawirikawiri ndi waya woduka kapena pulagi yodzadza matope, ndiye yambani mwaona zimenezo. Ngati muvi wa liwiro nawonso ukudumphadumpha, kaikirani sensa ija. Galimoto zatsopanoko, za OBD-II, zimafuna makina owerengera, ndipo kumeneko manambala ake ndi monga P0500 ndi P0750.

Pali kachingwe kenanso kamene anthu amaiwala, kochokera pa throttle kupita ku giyabokosi, ena amati kickdown. Kakakungika kwambiri magiya amachedwa n'kulowa mwamphamvu. Kakakhwefuka amalowa msanga, mofooka, ndipo zimenezi zimapsereza makilatchi pang'onopang'ono. Ngati vuto layamba munthu atangogwira injini, ine ndimayambira pamenepo.

Giyabokosi zimatha ndithu, sindikukana. Mukaika pa D kapena R n'kudikira masekondi angapo isanagwire, oyilo ali wokwana, komanso ikuterereka pokwera mtunda ngati wa Khwekhwelere, zinthu sizili bwino mkatimo. Kusintha oyilo sikubwezeretsa kilatchi yakupsa, ndipo mukakhetsa pansi mumangochotsa gawo chabe, wina amatsalira mu torque converter. Apo muuzeni makaniko amasule chibeseni cha pansi pa giyabokosi inu muli pomwepo. Muli timaginito. Phala lotuwa losalala pa timaginitoto ndi la ukalamba basi. Tizidutswa tachitsulo tobaya chala, kapena zinyenyeswa zakuda zambirimbiri, ndiye mutha kuyamba kufunsa mitengo.